Chibakera chosafika: Samart Payakaroon ndi Lottie Mwale

Anyamata akaunjikana pa foni imodzi pamsika wa Katete kapena pasiteshoni ya Sinda kuonera nkhonya, phokoso limabuka wina akagwa. Zimene zinachitika munthuyo asanagwe palibe amazibwereza, chonsecho ntchito yonse ya katswiri ili m'menemo. Amuna awiri amene anamenyera lamba wa WBC m'zaka za m'ma 1980, wina wa ku Thailand, wina wathu wa kuno ku Zambia, amationetsa bwino zimenezi.

Samart Payakaroon anabadwa mu 1962 ndipo anakulira mu Muay Thai, nkhonya za kwawo zimene zimalola chibakera, chigongono, bondo ndi msongolo. Amamenyana ndime zisanu za mphindi zitatuzitatu, oimba ali pambali pa bwalo ndi ng'oma ndi chitoliro, ndipo nyimbo imafulumira zinthu zikatentha. Amene anapenyako gule pa Kulamba ku Mkaika sangadabwe: woimba mbalule maso ake amakhala pa mapazi a wovina, ndipo wovina wodziwa amachedwetsa phazi mpaka ng'oma imudikire. Samart ankawatero anzake. Chida chake chachikulu chinali phazi lakutsogolo, lokankhira pamimba kapena pachifuwa munthu akangoyamba kusendera. Uja akuti aponye, phazi lamupeza kale, wadzandira chambuyo, ayambirenso kuwerengera. Akatero katatu kanayi amayamba kukayika, ndipo wokayika amamenyeka mosavuta. Ndi nzeru imeneyi, pansi pa mphunzitsi Yodtong Senanan, anatenga malamba a bwalo la Lumpinee ku Bangkok m'magulu anayi a kulemera mu 1980 ndi 1981.

Atalowa nkhonya za manja okha, phazi lija analandidwa, koma diso linatsala. Mu Januwale 1986 anagwetsa Lupe Pintor wa ku Mexico m'ndime yachisanu n'kutenga lamba wa WBC. Kumapeto kwa chaka chomwecho, polimbana ndi Juan Meza, anatsamira zingwe manja ali m'munsi, n'kumalewa zibakera zotsatizana ndi mutu ndi chiuno basi. Meza ankamenya mphepo mpaka mphamvu zinamuthera, ndipo anagwa m'ndime ya 12. Kwa ine, kulewa kuja n'kokoma kuposa chibakera chimene chinamaliza nkhaniyo.

Lottie Mwale timamukumbuka ndi dzina loti Gunduzani, ndipo dzinalo limanena za mphamvu. Analidi nazo. Anatenga golide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch mu 1974, anagwetsa Tony Sibson m'ndime yoyamba ku England mu 1978, ndipo mu 1979 anatenga lamba wa Commonwealth pogonjetsa Gary Summerhays ku Lusaka. Koma nkhonya imene ine ndimaiwerengera kwambiri ndi imene sitchulidwatchulidwa: anagonjetsa pa mapointi Marvin Johnson wa ku America mu 1978, mamanzere wopanikiza amene chaka chisanathe anakhala katswiri wa dziko lonse. Munthu wotere sumugonjetsa ndi dzanja lolemera lokha. Pamafunika kuyeza mtunda, kusuntha, kupuma pamene mnzako akutopa. Mwale ankazidziwa zimenezi, kungoti ife oonera tinasankha kusunga za kugunda zokha.

Pa 28 Novembala 1980 ku San Diego, pomenyera lamba wa WBC, Mwale anakumana ndi Matthew Saad Muhammad, munthu wodziwika ndi kumeza zibakera n'kubwerera ngati sanamenyedwe. Mwale anayamba bwino, koma kwa mdani wotere mphamvu sizithetsa mlandu, ndipo anagwa m'ndime yachinayi.

Ndisamukometsere Samart mopitirira. Luso lake linkafuna malo, ndipo wom'mana malo ankamupeza. Dieselnoi, mnzake wa Muay Thai wamtali kwambiri, anamukumbatira m'khosi n'kumamuthira mawondo mpaka kumupambana mu 1982. Jeff Fenech anamupanikiza ku Sydney mu 1987, osam'patsa mpata wopuma, n'kumulanda lamba, m'ndime yachinayi ngati Mwale. Diso lakuthwa likasowa mapapo ndi miyendo yolimba limangoona chibakera chikubwera, thupi osachokapo. Komabe pakati pa iye ndi Mwale, Samart ndi amene anafika pamwamba penipeni, ndipo anachoka m'bwalo ali ndi mphamvu zoyambira ntchito yoimba ndi kusewera m'mafilimu. Mwale anamenyabe mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo anamwalira mu 2005 atadwala matenda a Parkinson.

Inu amene mumaphunzitsa achinyamata ku Katete, ku Sinda ngakhale ku Vubwi, ndi thumba la mchenga lopachika mumtengo, musafulumire kuwapatsa thumbalo. Ayambe aphunzira poponda, posendera ndi pothawira. Ndipo mukawaonetsa kanema wa Samart ndi Meza, muimitse Meza asanagwe, muwafunse kuti zibakera zimene zinafika ndi zingati.