Dzanja pa Paipi

Mwezi wa October ku Balaka dzuwa limatuluka litakwiya kale. Ikamakwana 10 koloko, phula la msewu wa M8 wopita ku Liwonde limakhala likutulutsa nthunzi. Munthu amathawira pamthunzi, koma pikapu yonyamula matumba a mpunga kuchokera ku Ntaja ilibe kothawira. Ikakhala ya otomatiki, monga Hilux imene ndinaona ikukonzedwa pagalaja ina kuseri kwa msika wa Balaka, chimene chimayamba kuvutika ndi giyabokosi.

Mwini wake ankadandaula kuti akamakwera zitunda ali ndi katundu, magiya amachedwa kulowa. Makaniko, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anasolola dipisitiki ya giyabokosi, kudonthezera oyilo papepala loyera, nkununkhiza. Oyilo wa giyabokosiyu, wotchedwa ATF, akakhala wabwino amakhala wofiira. Uyu anali atada ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake lachiwawu. "Oyiloyu wapsa, achimwene," anatero. "Tikangosintha osamuchotsera moto, apsanso."

Moto umenewu umachokera mu torque converter, mmene oyilo ndi amene amakankha mphamvu ya injini kupita ku magiya. Katundu akalemera, galimoto ikamakwera pang'onopang'ono, oyilo amatakasika kwambiri nkutentha. Amagwira bwino ntchito pa madigiri pafupifupi 80. Akamapitirira 120 amayamba kuwonongeka, nkuumitsa masilo ndi kudya makilachi a mkati. Fakitale inaika kale kanjira kozizirira oyilo mkati mwa radiyeta, koma madzi a mu radiyetamo nawonso amakhala otentha. Mankhwala ake nkuwonjezera karadiyeta kakang'ono kutsogolo, kamene amakaniko amangoti cooler.

Apa ndi pamene ndinayamba kumusilira bamboyu. Mapaipi ochoka ku giyabokosi kupita ku radiyeta ndi awiri, ofanana ngati mapasa. Imodzi imapititsa oyilo wotentha, inayo imabweza. Cooler imayenera kulumikizidwa pa paipi yobweza, kuti oyilo ayambe wadutsa mu radiyeta, kenako mu cooler, nkubwerera atazizira kawiri. Wolumikiza pa paipi inayo amaziziritsa oyilo nkukamuwothetsanso m'madzi otentha. Kuti adziwe paipi yobwezayo, makanikoyo anadikira injini izizire kaye. Kenako anauza mnyamata wake kuti, "Liza, mphwanga, ponda buleki, lowetsa pa D." Anagona pansi pakatoni, dzanja lina pa paipi iyi, lina pa iyo, maso atatseka ngati sing'anga. Patapita kanthawi anakuwa kuti azimitse. Paipi imene inayamba kufunda ndi yopititsa. Inayo anaimanga kansalu kofiira.

Sanakhutire ndi zimenezo. Anamasula paipiyo, kulozetsa m'botolo, kulizanso injini kwa masekondi ochepa, nkuona ndi maso mbali imene oyilo akutulukira.

Cooler imabwera ndi timapulasitiki tolowetsa m'zipsepse za radiyeta. Iye anatiponya pambali. Akudziwa mabampu a misewu yafumbi ya ku Nayuchi ndi ku Utale, mmene galimoto imanjenjemera tsiku lonse mpaka kapulasitiki nkuboola radiyeta. Anadula tizitsulo tinayi, kutipinda pa vaisi, kutiboola, nkumangira cooler pachitsulo cha galimoto ndi mabawuti, ataika labala pakati. Anaiika kutsogolo kwa kondensa ya AC, pamene mphepo imayambira kuwomba, nkusiya kampata kuti zisakhulane.

Nkhani ya hosi anaiumirira. Mnyamata anabwera ndi hosi ya madzi imene inali pafupi. "Abwana, iyi siyokwana?" Anangopukusa mutu. Oyilo wotentha amafewetsa hosi yotere mpaka kuphulika, ndipo ATF yense atha kuthera pamsewu dalaivala asanazindikire. Anatumiza yogulidwa, yopangidwira oyilo wa giyabokosi. Anaiyendetsa mokhota bwino osaipinda, kutali ndi ekizozi ndi fani, ndipo pamene imadutsa pachitsulo chakuthwa anaiveka chidutswa cha hosi yakale. Kumapeto kwa paipi yachitsulo anakukulitsa pang'ono kuti hosi isavuke, nkumanga makilampu awiriawiri.

Anakhuthula oyilo wopsa uja, kuthira watsopano wa mtundu wolembedwa pa dipisitiki, nkuwonjezera wodzaza cooler ndi mahosi. Injini ikulira, anadutsitsa giya pa P, R, N, D nkubwerera, kenako kuyeza. Atatero anapempha mwini galimoto kuti asatsitse matumba, nkuiyendetsa yekha mpaka ku Kamuzu Barrage ku Liwonde ndi kubwerako.

Atafika anagonanso pakatoni paja ndi kansalu koyera, kupukuta polumikizira paliponse. Kansalu kanatuluka kouma. Paipi yolowa mu cooler inali yosagwirika ndi kutentha, koma yotuluka ndinaigwira ndi dzanja langa.