Nsalu imene imalira ku Cova da Moura

Batuku ndi gule wopanda ng'oma. Amayi amakhala mozungulira, aliyense atapana pakati pa ntchafu kamtolo ka nsalu kokulungidwa molimba, masiku ano kokutidwa ndi pulasitiki kuti kazimveka patali, n'kumakawomba ndi zikhatho. Kwawo kwa guleyu ndi pachilumba cha Santiago ku Cape Verde, kumene atsamunda a Chipwitikizi ankamunyoza kuti ndi chisokonezo cha akapolo, mpaka kumuletsa. Anawoloka nyanja ndi anthu opita kukasaka ntchito ku Portugal, nakafika ku Cova da Moura, dera la ku Amadora kunja kwa Lisbon, kumene obwera anadzimangira okha nyumba paphiri. Kumeneko, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, bungwe la Moinho da Juventude linabala gulu la amayi lotchedwa Finka Pé.

Ambiri mwa amayi oterewa amalawira kusanache kukakolopa m'maofesi ndi m'nyumba za eni dziko, kumene amaonedwa ngati sakuoneka. Akaweruka amabwerera kudera limene dzina lake lokha limatsekera ana awo zitseko za ntchito. Mu February 2015 anyamata a kumeneko anamenyedwa ku polisi ya Alfragide, ndipo mu 2019 khoti linapeza apolisi 8 olakwa. Mu October 2024 wapolisi anawombera Odair Moniz, mbadwa ya Cape Verde, ku Cova da Moura komweko. Mayi wokhala m'malo otere sagona tulo teniteni mwana wake akakhala panja.

Anthu amakonda kunena kuti nyimbo zimatonthoza, ngati kuti nyimbo ina iliyonse ingathe. Ine ndikuona kuti mphamvu ya batuku ili m'kapangidwe kake. Amayi amagawana pawiri: ena amawomba katatu m'nthawi imene anzawo akuwomba kawiri. Mayendedwe awiriwa amalukana, ndipo ukangotaya mtima pang'ono, manja ako amagwera m'mayendedwe a mnzako, gule n'kuphwa. Ndiye palibe mpata woti uziganiza za bwana amene wakulalatira m'mawa kapena za mapepala amene sakutuluka. Mutu wonse umapita kuzikhatho. Komanso kuwombako n'kwamphamvu, kumagwedeza mapewa ndi msana, malo omwewo amene mkwiyo wosanenedwa umakonda kuunjikana.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mawu. Mmodzi amayambitsa, ena onse n'kuvomera. Woyambitsayo ali ndi ufulu wopeka pomwepo: za mwamuna woledzera, za mwana amene ali kundende, za mvula imene yakana kwawo, za chipongwe cha m'basi. Amaimba m'Chikiriolu, chilankhulo chimene kuntchito amachibisa. Luso limeneli la kupeka, limene amalitcha finason, ndi limene linatchukitsa Nha Nácia Gomi ku Santiago. Woimba waluso satulutsa dandaulo lonse nthawi imodzi. Amaponya kachiganizo kafupi, kokwana mpweya umodzi, n'kudikira. Anzake akamubwezera, nkhani ija siikhalanso yake yekha, chifukwa pakamwa pa amayi onse yadutsa. Ife odziwa nyimbo za pamtondo sitingadabwe nazo: mayi amaimba zimene sakanatha kuzinena pamaso pa apongozi, munsi n'kumamuthandiza.

Kenako liwiro limakwera. Mmodzi amalowa pakati, nsalu itamangidwa m'chiuno, mapazi atakhazikika pansi, chiuno chokha chikunjenjemera. Thupi limene sabata yonse lakhala chipangizo chokolopera limakhala pakati pa bwalo, likuyamikiridwa ndi anzake.

Mu 2019 Madonna anajambula nyimbo ya Batuka ndi gulu la Orquestra Batukadeiras, n'kuyenda nawo ena mwa amayiwo m'maiko. Ndimakondwera kuti anaonedwa ndi kulemekezedwa. Komabe papulatifomu chinthu china chimatayika. Bwalo limatseguka n'kukhala mzere woyang'ana oonerera, mawu amakhala okonzeratu, nthawi imawerengedwa ndi wotchi. Woonera amatenga kugunda ndi chiuno, koma mayi amene anabwera ndi nkhani yake ya sabata imeneyo sapeza poiponyera. N'chifukwa chake gulu la batuku ndimaliyesa pa tsiku lokonzekera, pomwe woyambitsa akhoza kusintha mzere mwadzidzidzi, ovomera n'kuugwira asanaumve kachiwiri.