Ulemu kwa oweta nsomba a ku Mulanje

Alimi oweta nsomba m'maiwe a m'midzi yozungulira Mulanje Boma ngoyenera ulemu. Amapatutsa madzi otsika m'phiri, nathira manyowa m'dziwe mpaka madzi abiriwire, pakuti m'menemo ndimo mumamera chakudya cha makumba ndi chilunguni. M'mawa amawaza gaga, maso ali tcheru kuopa katumbu ndi ng'azi.

Nsomba zikaswana n'kuthinana sizikula bwino, choncho mlimi amavuula tiana, natinyamula m'ndowa kunja kusanatenthe, kukapatsa mnzake amene wangokumba dziwe lake. Umu ndi momwe mbewu yabwino imafalikira mudzi ndi mudzi.

Kupatsa n'kuika. Madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu 2023 akakokolola dziwe lako, mbewu umakaitenga kwa amene unamugawira.