Kaliwu ka "no" ndi khutu la womasulira

Luso la womasulira mafilimu limaonekera pa timawu ting'onoting'ono, ndipo "no" ndi kamodzi kamene kamapunthwitsa ambiri. Pa Chisipanishi ndi Chitaliyana kaliwuka n'kokana, ndipo kanachokera ku "non" wa Chilatini. Pa Chingerezi n'kokananso, koma gwero lake ndi "nā" wa Chingerezi chamakedzana. Pa Chiairishi, "nó" amatanthauza "kapena". Msampha weniweni uli pa Chipolishi: munthu wa ku Warsaw akati "no" amakhala akuvomera, akuuza mnzake kuti apitirize, kapena akukoka mpweya asanayankhe. Akafuna kukana amati "nie".

Taganizirani womasulira Dekalog, mafilimu 10 amene Krzysztof Kieślowski anatulutsa mu 1989, onena za anthu okhala m'nyumba zosanja za ku Warsaw. Pa Chipolishi choyankhulidwa m'nyumba zotere, "no tak" akhoza kukhala kuvomera monyinyirika, "no dobrze" kugonja kwa munthu wotopa ndi mkangano, ndipo "no?" wokweza mawu ndi "ndiye?" wa munthu wosapirira. Womasulira wopereka liwu limodzi ponseponse amapha kusiyana kumeneku. Wongofufuta kaliwuka ponseponse, poti mawu a pansi pa kanema sapitirira mizere iwiri, amasandutsa munthu wokayika kukhala wotsimikiza. Waluso amayang'ana nkhope ya wosewera. Ngati nkhopeyo yanena kale, amakasiya kaliwuko. Ngati nkhope yabisa, amakafunira mnzake, kaya "chabwino", "basi" kapena "eya".

Chiairishi chili ndi vuto lina: chilibe liwu limodzi la "inde" kapena la "ayi". Wofunsidwa amayankha pobwereza mneni wa m'funsolo. Filimu ya An Cailín Ciúin ya Colm Bairéad, ya mu 2022, yoyamba ya m'Chiairishi kufika pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Oscar, ikusimba za Cáit, mtsikana wosayankhulayankhula. Kwa mwana wotere yankho lililonse n'lolemera, ndipo kulidula kukhala "inde" wouma kumalipeputsa. Apa Chichewa chili ndi mwayi, pakuti nafenso tikafunsidwa kuti "Wadya?" timatha kungoti "Ndadya."

Mtanthauziramawu amapereka matanthauzo onse pamodzi, koma sanena limene wosewera akunena pa mphindi imeneyo. Choncho inu omasulira, musanalembe mzere, bwezani chithunzi mumvetserenso mmene kaliwuko katulukira m'kamwa mwa woyankhulayo.