Buddha in Africa: filimu yosafunsa Buddha

Filimu ya mayi Nicole Schafer a ku South Africa, yochedwa Buddha in Africa, inatuluka mu 2019. Anaijambula kwa anansi athu ku Malawi, pa Amitofo Care Centre pafupi ndi Blantyre, malo olerera ana amasiye omwe anayambitsa Hui Li, mphunzitsi wa Cibuda wocokera ku Taiwan. Ana kumeneko amadzuka kusanace kukapemphera, sadya nyama, amalankhula Cichaina ndi kuphunzira kung fu. Nkhani ikutsata mnyamata mmodzi amene wafika pamphambano: apite ku Taiwan kukapitiriza maphunziro, kapena abwerere kumudzi kwa abale ake.

Pa kajambulidwe ndilibe mau. Mayi Schafer satiuza cocita, angotisiya tione mwana ali pakati pa abale ake koma lilime lakwao likumulemera. Ife Angoni a kuno ku Angónia zimenezi zisatidabwitse: Cingoni ca makolo athu tinacisiya m'nyimbo za ngoma, ndipo lero ndikulemba m'Cinyanja.

Dandaulo langa lili pa dzina. Buddha ali pamutu pa filimu, koma ciphunzitso cake simucimva bwino. Munthu woonera ku Ulongwe kapena ku Domwe adzacoka akuganiza kuti Cibuda ndi kumeta mpala ndi kudumpha m'mwamba.

Pamene Siddhartha Gautama anayamba kuphunzitsa ku Sarnath, dziko la India, ananena zoona zinai. Coyamba, moyo uli ndi dukkha. Mau amenewa sanena ululu wa matenda ndi maliro okha, anenanso kusakhazikika kwa mtima poona kuti ngakhale cokoma cimatha, monga nkhokwe yodzaza mu Juni imene ikulira mu Januwale. Caciwiri, gwero lake ndi tanha, ndiye kuti ludzu, kukakamira zinthu. Cacitatu, ludzulo lingathe kuzima. Cacinai, pali njira ya mbali zisanu ndi zitatu, momwe muli kulankhula koongoka, kupeza cakudya mosapweteka ena, ndi kusunga maganizo ali maso.

Tsono funso limene ndinaliyembekeza ndi ili: mwana akamalakalaka kwao, kodi limenelo ndi ludzu loyenera kuzimitsa? Munthu wongomva za Cibuda patali angayankhe kuti inde. Koma Abuda eniake amaphunzitsa kuti mwana ali ndi ngongole kwa makolo, ndipo a ku China ndi Taiwan ali ndi mwambo wa Ullambana wokumbukira makolo akufa, wosasiyana kwenikweni ndi nsembe zathu. Ngati ndi tero, cimene cikumukoka mnyamata uja kumudzi sicitsutsana ndi cipembedzo comulera. Mkangano weniweni unali pamenepa, ndipo filimu yaulambalala nkuthamangira nkhani ya mphamvu za China mu Africa, imene manyuzipepala anatopa nayo kale.

Ndikudziwa ena mwa inu mudzati alendowa akulanda ana. Musafulumire. Amene tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo isanathe mu 1992 tikudziwa kuti mwana wanjala amapita komwe kuli phala ndi sukulu, ndipo agogo ake amamuperekeza okha. Filimu yaonetsa bwino mtengo umene mwanayo walipira. Cimene ndinafuna nkuti wina amufunse Hui Li, m'mau a ciphunzitso cake comwe, ngati mtengowo unali wofunikadi.