Digiri ya Cinyanja yolembedwa m'Cingelezi

Kwa Mlolo, m'boma la Chadiza, nkhalamba zimafotokoza mbiri ya Undi osatsegula buku. Wofufuza akafika ndi foni yojambulira mau, amamuyalira mphasa. Akacoka, mau aja amakasanduka digiri ya masitazi kapena ya udokotala, ndipo eni ake sawaonanso.

Zinayamba kale. Mu 1969 Harry Langworthy analandira udokotala ku Boston University atalemba mbiri ya ufumu wa Undi kufikira 1890, akutsamira kwambiri pa zimene akuluakulu a Acewa anamuuza. Mu 1979 Ernst Wendland, ku Wisconsin, anasanthula nthano za pawailesi za Julius Chongo, mwini Poceza m'Madzulo. Nchito ziwirizi n'zozama, koma zonse anazilemba m'Cingelezi.

Pamenepa patayika zinthu ziwiri. Coyamba ndi kukoma. Luso la Chongo lili m'mvekero, m'miyambi ndi m'kasinthidwe ka mau, ndipo zimenezi zikamasuliridwa zimazirala ngati nsima yogona. Caciwiri ndi woweruza. Amene angadziwe kuti wolemba wasokoneza mndandanda wa mafumu ndi gogo wa pamphasa uja, koma bukulo sangaliwerenge.

Wendland pambuyo pake anatulutsa nthano zina za Chongo m'Cinyanja, Cingelezi cili pambali. Njira ndi imeneyo. Inu amene mukufufuza ku University of Zambia, lembani mutu umodzi m'Cinyanja, mukauwerenge kwa Mlolo musanavale mkanjo. Akakutsutsani, kondwerani: wakutsina khutu ndi mnansi.