Aphunzitsi a mbiri yakale ku Chaisa

Pa sukulu ya pulaimale ya Akatolika m'komboni ngati Chaisa ku Lusaka, mbiri yakale ilibe nthawi yakeyake. Imabisala m'phunziro la Social Studies, pakati pa mapu ndi za ulamuliro wa dziko. Kuifukula pamenepo kumafuna luso, ndipo aphunzitsi amene ali nalo ine ndimawavulira chipewa.

Amayamba ndi msewu. "Ndani anafikako ku Cha Cha Cha Road?" Manja m'mwamba, ana opanikizana pa desiki limodzi, wina Mnsenga, wina Mbemba. Apo m'pamene amawafotokozera za Cha Cha Cha ya 1961, pamene anthu a kumpoto anatseka misewu ndi kugwetsa milatho pokana atsamunda. Akamafika pa 24 Okutobala 1964, mwana wadziwa kale kuti ufulu anauvutikira anthu. Nyumba nambala 394 ku Chilenje, m'mene ankakhala Kenneth Kaunda, ndi ulendo wa minibasi chabe, ngakhale ndalama ya ulendowo sipezeka kawirikawiri.

Za Mpingo nazo zimalowa. Ana amadabwa kumva kuti Bambo Jules Torrend anayambitsa mishoni ya Kasisi mu 1905, zaka 30 likulu lisanachoke ku Livingstone kubwera ku Lusaka.

Mayeso a Giredi 7 amafuna zaka ndi mayina basi, choncho kuloweza kulipo ndithu. Koma ntchito yakunyumba imene imandigwira mtima ndi iyi: "Kafunseni agogo kuti anachokera mudzi uti, anafika liti muno." Lolemba m'kalasi mumamveka Petauke, Katete, Kasama, mwinanso Tete.